Geti la Eni Ake

Amayi Elina anabwera kukomboni ya Mtendere kuchokera ku Katete ali mtsikana. Anakwatiwa ndi mlonda wina, yemwe anamwalira mwana wawo Tamara asanayambe n'komwe sukulu. Kuyambira pamenepo akhala akukolopa nyumba ya eni kumayadi ku Ibex Hill. Ine ndi iwo timayandikana nyumba, ndipo ndatopa kuwauza kuti mtima wawo ndi wofewa mopitirira muyeso.

Tamara atapeza malo ku koleji ya unamwino kutsidya kwa tauni, chinavuta ndi mayendedwe. Maminibasi awiri popita, awiri pobwera, ndipo kondakitala sadziwa za umasiye wa munthu. Mwayi unadzera kwa Chisala, mnzake wa m'kalasi, yemwe ankanyamula anzake pa galimoto ya bambo ake, onse n'kumasonkherana ya mafuta. Aliyense ankangotumiza pini pafoni, kachizindikiro kosonyeza pamapu pomwe waima, galimoto n'kumupeza.

Koma mapu a pafoni kwathu kuno amazunguzika mutu. Tinjira tathu tilibe mayina, ndipo a takisi owakhulupirira amakathera pachimbudzi cha munthu. Amayi Elina ndiwo anapereka nzeru yoti pini ikhale pageti la mabwana awo, pamsewu wa tala. M'mawa mayi ndi mwana ankayenda limodzi, mwana n'kudikira mkati mwa mpanda. Hutala ikalira, Tamara ankatuluka pageti lalikulu lija atatchena. Anzake anangoti ndiye kwawo, ndipo iye sanawatsutse. Amayi ake sankadziwa chilichonse, ankangonyadira kuti mwana sakuphonyanso kalasi yoyamba.

Tsiku lina la mvula Tamara anaiwala yunifolomu yake yoyera m'khitchini mwa mabwanawo. Amayi Elina anathamanga nayo, epuloni ili m'chiuno, nafika galimoto isananyamuke. Chisala anatsitsa galasi.

"Tamara, banchito banu ni bamutima wabwino," anatero. "Banchito batu sembe bangokusiya."

Tamara anawerama, maso pafoni. "Ee," anayankha chapansipansi.

Amayi Elina anaima kanthawi mvula ikuwagwa. Kenaka ananyonyomala monga amachitira kwa mkazi wa bwana, napereka yunifolomu ija ndi manja awiri. "Muyende bwino, madamu."

Anandiuza izi madzulo tikutunga madzi pampopi, mawu ali bata ngati akukamba za munthu wina. Ndinasiya chigubu changa kuti ndikam'funse mwanayo ngati manja amene anam'lera ndi ochititsa manyazi. Iwo anandigwira chitenje.

"Mukamukalipila azachita nsoni, azaleka kukwela motoka ija," anatero. "Manje azayenda na chani ku sukulu?"

Ndinatolanso chigubu changa, koma zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Tamara si mwana woipa. Amachapa, amaphika, amawasisita amayi ake miyendo ikatupa. Koma za tsiku lija sanatchulepo, ndipo amayi ake sanam'funsepo. Chaka chamawa amaliza maphunziro.

Amayendabe limodzi m'mawa uliwonse, ngakhale nkhani panjira zinachepa. Kale amayi Elina ankaima pageti n'kumabayibitsa mpaka galimoto itakhota. Masiku ano hutala ikangolira, amapita kuseri kwa thanki ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka mwana wawo atapita.