Viniga Amadikira Kaye

Mayi wina wosoka zovala ankasunga bambo ake m'chipinda chakumbuyo, pafupi ndi makina. Bambowo anaphika m'hotela zaka makumi atatu, ndipo ana awo anakulira zotsala za alendo zokulungidwa m'pepala. Atapuma pantchito anadwala sitiroko, mkono wamanja n'kufa, lilime n'kuleka kumva kukoma. Chilichonse m'kamwa mwawo chinkangokhala ngati thonje, ndiye anayamba kukankha mbale. Adokotala ananena mosabisa kuti akapanda kudya sabata imeneyo awaika kapaipi ka chakudya m'mphuno.

Mayiyo anangoti chabwino. Masiku amenewo chilichonse ankangoti chabwino.

Pobwerera kuchipatala anagula muzu woyera wautali, wolasa m'mphuno, umene bambo ake ankakonzera alendo kuti azidyera nyama. Anadula theka, kulisenda, kulikwecha pachitsulo cha timabowo, n'kuthira viniga pompo. Anasakaniza ndi kirimu, mchere ndi kashuga, napaka pa mbatata yowiritsa.

Bambowo analawa, nabweza sipuni.

"Viniga wathira nthawi yanji?" Mawu ankatulukira mbali imodzi ya pakamwa.

"Nditangokwecha, bambo."

"Ndiye wandiphikira phala la khanda. Muzu umenewu umafuna ukwiye kaye. Ukakwecha, usiye mphindi zitatu. Viniga akafulumira amauzimitsa."

"Zaka zonsezi simunandiuzepo."

"Unkafunsa iwe? Unkangobwera kudzanyambita sipuni."

Mayiyo anabwerera kukhitchini ndi theka lotsala. Anakwecha, naimirira kuyang'ana wotchi yapakhoma. Fungo linakwera ngati singano, maso anayamba kuchucha, mwana wake amene anamubereka kumsana n'kuyetsemula kawiri. Sanapukute nkhope. Ankangoganiza za siketi ya mwiniwake imene inali isanapindidwe m'munsi. Mphindi zitakwana anathira viniga, kirimu pamapeto.

Ulendo uno bambowo atameza anatsinzina, mphuno n'kuyamba kudontha. Kenaka anayasama kuti alandire sipuni ina.

"Mchere wachepa."

"Mwaumva bwanji, poti simumva kukoma?"

"Dzanja lako ndimalidziwa. Ndi la mayi ako, louma."

Anawadyetsa pang'onopang'ono, akuwapukuta mphuno ndi kansalu kotsala posoka. Bambowo anadya mbatata ziwiri ndi theka, kenaka anatembenukira kukhoma. Mayiyo anatola theka linalo, nalidya ali chiimire. Zotsala anaziika m'botolo, natseka kwambiri kuti zifike mawa.