Kuchoka ku Chikwawa Kukatsikira pa Bangula

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Nkolokosa, m'zaka zomwe zipani zinali zitangoyamba kuchuluka. Bambo anga ankajambula anthu m'tauni ya Blantyre ndi kamera ya filimu. Anajambula maukwati ndi maubatizo osawerengeka, koma m'nyumba mwathu munalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Wojambula sadzijambula.

Lamulungu lina masana mvula inavumba koopsa. Bambo anali atadwala miyezi ingapo, ndipo mawa lake ankapita kukagonekedwa kuchipatala. Mayi anati bambo sachoka asanajambulidwe nawo limodzi. Vuto linali lakuti pabalaza panali mdima, fulashi inali itafa, ndipo mufilimu munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha.

"Marita, lero wojambula ndiwe," anatero bambo.

Anandiuza kuti kuwala kukachepa, diso la kamera liyenera kukhala lotsegula nthawi yaitali, ndipo kamerayo ikangogwedezeka pang'ono, nkhope zimasungunuka. Tinaikhazika pa tebulo, pamwamba pa Baibulo la mayi, n'kutsegula makatani onse. Iwo anapotoza kagudumu mpaka pa chilembo B, pomwe diso limatseguka mpaka utachotsa chala pa batani.

Wotchi tinalibe. Bambo, munthu wa ku Nsanje, ankawerenga masekondi ndi masiteji a basi yakwawo.

"Ukadina usapume. Unene mumtima pang'onopang'ono: Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula, kenako chotsa chala. Ukafika ku Nsanje watiwotcha, chithunzi chiyera mbee."

"Nanga ndikatsikira pa Nchalo, ababa?"

"Tituluka bii ngati makala. Ndipo usathamange ngati kondakitala wa minibasi."

Anakhala pampando, mayi pambali pawo, mlongo wanga wamng'ono Yohane pamiyendo. Ndinadina. Ulendo umenewo unanditalikira kuposa tsiku lomwe tinauyendadi pa basi. Ndili pa Ngabu, Yohane anayetsemula. Misozi inalengeza, koma chala sindinachotse mpaka pa Bangula.

Bambo sanabwerenso kuchokera kuchipatala. Filimu tinakatsukitsa ku Limbe, koma kachithunzi kamene anatipatsa kanafwifwa pakupita kwa zaka. Mayi anasunga negetivu, filimu yotsukidwa ija, mu envulopu youma, mkati mwa Baibulo lomwe lija.

Chaka chatha ndinaitulutsa. Ndinaigwira m'mbali mokha monga ankachitira bambo, n'kuchotsa fumbi ndi kapampu ka mpweya, osati nsalu, poopa kuikanda. Nditaiyika pa sikana yowalitsa kuchokera kumbuyo, chithunzi chinatuluka pakompyuta. Yohane ndi utsi chabe, ndipo mpaka lero timamuseka kuti anaononga yekha nkhope yake. Koma bambo akuoneka bwinobwino, mpaka imvi za m'ndevu.

Ndimanyadira, sindibisa. Tsopano ndazindikira kuti bambo akanatha kuitana mnzawo wojambula wa ku Chichiri, koma anasankha kupatsa mwana filimu yawo yomaliza. Pachithunzipo maso awo sali pa kamera, ali pamwamba pang'ono, pomwe panali nkhope yanga.