Chitofu cha Amayi ndi Dzina la Amalume a Marcel

Amalume anga a Marcel analibe munda, analibe ng'ombe, ngakhale satifiketi ya ntchito yawo analibe. Chomwe anali nacho ndi dzina basi. Anasamala magetsi a m'komboni pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Chipinge kwa zaka 31, ndipo panalibe nyumba yomwe inapsapo chifukwa cha waya womanga iwo. Ankazinena paliponse, kumaliro, kutchalitchi, pamzere wa kuchigayo, mpaka anthu kumawazemba. Ine ndemwe zinkandikwana.

Anabadwira m'komboni momwemo, makolo awo atachokera ku Mulanje. Sukulu anasiyira panjira, koma mkulu wina wa ku Mozambique yemwe ankagwira kufakitale anawaphunzitsa masamu awiri a magetsi, iwo n'kuwagwira ngati malamulo a Mose. Mavoti ukagawa ndi maampu, umapeza maomu, ndiko kuuma kwa njira yomwe magetsi akudutsa. Mavoti ukachulukitsa ndi maampu, umapeza mawati, ndiyo mphamvu yomwe chinthucho chikudya. Ukawafunsa za babu limodzi lokha, ankatola khala n'kukudzazira khoma ndi manambala.

Mlongo wawo, a Rozaria, ndiwo amayi anga. Tonse awiri timathyola tiyi. Tinali ndi chitofu chonga cha aliyense m'komboni: njerwa yogoba mizere, m'mizeremo muli waya wopiringizika. Wayayo akapsa n'kuduka, anthu amataya kopserezako n'kukoletsa nsonga ziwirizo. Chitofu chimayakanso, chikutentha kuposa kale, mwini wake n'kumadzitama kuti wachikonza. Ku ofesi analetsa zitofu zimenezi, ndipo ananeneratu kuti wootcha nyumba nacho atuluka m'komboni tsiku lomwelo. Koma ndani ankamva?

Loweruka lina masana amalume anatulukira ndi mita yawo, n'kuyang'ana chitofu chathu chili psuu.

"Achemwali, waya ameneyu mwamulumikiza kangati?"

"Mukufunsiranji, achimwene? Chiri kupisa bwinobwino, si ichi chikutenthachi."

Anayeza, kenako anagwada pansi ndi khala. "Chili chatsopano chinkakoka maampu asanu. Mavoti 230 kugawa ndi 5, maomu 46. Lero chikukoka khumi, maomu atsala 23. Mukamafupikitsa waya, magetsi amadutsa mosavuta, ndiye amabwera ambiri. Tsopano 230 kuchulukitsa ndi 10, mawati 2,300. Zonsezo pa kachingwe ka wailesi aka? Tagwirani."

Ndinagwira ndine. Chingwecho chinali chofunda ndiponso chofewa ngati chingamu.

"Hazvina basa, zilibe ntchito," anatero amayi. "Masamu anuwo sitidya ife."

Amalume anadula pulagi, n'kuponya m'thumba. Amayi anawalondola ndi mawu mpaka pampopi, ati munthu wopanda ngakhale pepala adzidziwa chiyani, ati nsanje poti chitofu cha akazi awo n'chozizira. Amayi ena pampopipo anaseka mpaka kugwirana m'mapewa.

Lolemba m'mawa amayi anasenda chingwe ndi mano, analowetsa mawaya awiriwo m'soketi n'kuwatsinira ndi timitengo ta machesi. Anatereka nyemba, ndipo chingwecho anachiphimba ndi mkeka kuti achimwene awo akasuzumira pawindo asachione. Ine ndinali pomwepo ndikumanga nsalu. Ndinali nditachigwira chingwecho ndi dzanja langali, koma ndinangoti laponda lamphawi, zondivuta ayi, bola tikaweruke nyemba zitapsa. Ndikakumbukira zimenezi ndimadzinyansa.

Cha m'ma teni tinaona utsi tili m'munda, madengu ali kumsana. Pomwe tinkafika, zipinda zathu ziwiri zinali zitatha, moto utanyambitanso denga la a Afonso oyandikana nafe. Mwamwayi munalibe munthu.

Manijala anauza amalume kuti alowe, aone chomwe chayambitsa, alembe. Ndinawatsatira. Anachita kuchotsa okha mawaya aja m'soketi yosungunukayo, anakankha njerwa ija ndi phazi, n'kuyang'ana panja pomwe mlongo wawo anakhala m'phulusa akulira. Amayi anali ndi zaka 58. Akanatulutsidwa akanalowera kuti? Ku Mulanje amangokumva dzina, sanapondeko. Amalume anakulunga mawayawo n'kubisa m'ovololo. Papepala analemba kuti waya wa kudenga, womanga iwo eni, anali wosamangitsa.

Anawachotsa ntchito sabata yomweyo, kutatsala miyezi isanu kuti apume mwaulemu. Anakwera basi ndi mayi Loness, akazi awo, kupita ku Mandeya ku Honde, komwe tsopano akupalira nthochi m'munda wa alamu awo.

Ife anatipatsa nyumba ina. Ndinkayembekeza kuti amayi adzachita manyazi, koma ayi ndithu. Tikamayezetsa masamba pasikelo amauza anzawo, maso ali gwa, kuti magetsi a achimwene awo anawathera katundu. Anzawowo amapukusa mitu, ati munthu ankadzitama uja si ameneyu. Ambiri mwa iwo ali ndi zitofu zolumikizalumikiza kunyumba, ndipo akudziwa bwino chomwe chinachitika. Ndimachita kulavula.

Mwezi watha ndinapita ku Honde kukawaona amalume. Aonda, ndipo salankhula kwambiri. Tikucheza pansi pa nthochi, panabwera mayi wina, a Chiratidzo, atanyamula batire la sola ndi mtolo wa mawaya.

"Sekuru, hanzi, anthu akuti mumadziwa za magetsi. Batire iri ringayatse firiji?"

Ndinaona maso a amalume akuwerenga manambala a pabatirepo, milomo ikugwedera. Yankho anali nalo kale. Kenako anatola khasu lawo.

"Kafunseni odziwa, mayi," anatero. "Ine anandichotsa ntchito chifukwa chootcha nyumba."