Mathalauza Otambalala Abweranso

Atelala a pakhonde la sitolo yomwe ndimagulitsamo nsapato ali ndi msomali umodzi womwe salola munthu kuukhudza. Pamenepo amapachikapo mapepala odulira mathalauza otambalala kumiyendo, aja ankasesa msewu munthu akamayenda. Mapepalawo ndi a matumba a simenti, ndipo anafewa ngati nsalu. Kwa zaka makumi atatu panalibe wobwera kudzasoketsa thalauza lotero, koma iwo ankawasasabe fumbi. Ine ndikawaseka ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masana ankaodzera phazi lili pachopondera cha makina, n'kumalota anyamata ndi atsikana akale akudutsa mumsewu, miyendo ya mathalauza ikuuluzika ngati makatani.

Kenako anadwala sitiroko. Anachira ndithu, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera. Mwana wawo wamwamuna anagamula kuti makinawo agulitsidwe Loweruka, bambo azikapuma kunyumba.

Lachitatu kunabwera mtsikana, chithunzi chakale chili m'manja. "Agogo, mungandisokere thalauza ngati la amayi angali? Zabwereranso m'fashoni izi, aliyense akuzifuna."

Atelala anayandikitsa chithunzicho kumaso. Thumba lopendekeka, mabatani awiri m'chiuno. "Ndinasoka ndine ili," anatero. "Amayi akowa anali ovuta, anandibwezera katatu konse."

Anatsitsa pepala pamsomali paja, n'kuliyala pansalu, n'kulemba ndi choko. Atangogwira sizasi, dzanja lija linayamba gule wake. Anaiika pansi mwakachetechete. Akazi awo, omwe anabwera ndi tiyi m'fulasiki, anaona zonse.

"Bambo ake, zaka zonsezi ndakhala ndikukuonererani. Bweretsani kuno."

"Mudula mokhota inu."

"Ndiye gwirani dzanja langali, muziliwongolera."

Anadula awiriwiri, pang'onopang'ono, dzanja lonjenjemera lili pamwamba pa dzanja lolimba. Ine ndinali pakhomo la sitolo, ndipo sindibisa, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Loweruka mwana uja anatulukira ndi wogula makina. Anapeza atsikana atatu pabenchi, aliyense ndi nsalu yake pamiyendo, bambo akupalasa makina, mayi akunola sizasi.

"Ababa, munthu uja ndabwera naye."

Atelala sanadzutse n'komwe mutu. "Umuuze akhale pamzere. Akufuna lotambalala bwanji?"