Mkono wa Yoramu Ngozo

Yoramu Ngozo anayamba kutsitsa simenti pa Tsangano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bambo ake anali atabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi chifuwa chosamva mankhwala, khasu osaligwiranso, ndiye iye anasiya sukulu n'kumakadikira malole pakhonde la hadiweya ya a Omari. Anagwira ntchitoyo zaka makumi awiri. Khungu la m'mapewa linachita kuuma ngati chikopa, ndipo mkazi wake Lufina ankati ngakhale asambe motani, tsitsi lake limakhalabe lotuwa.

Zaka zonsezo simenti wodziwika anali mmodzi, wa kampani yaikulu ya m'dziko muno, wa thumba lofiira. Amisiri ankangoti "wofiira". Kenako kunabwera wina wa thumba loyera, wotsika mtengo, wodutsa m'tinjira ta m'malire pa njinga zamoto. Amene ankamubweretsa anali Maynard, munthu wamkulu thupi yemwe kale ankatsitsa nawo simenti limodzi ndi Yoramu. Kwa chaka chathunthu woyera anagulidwa kwambiri, malole a wofiira n'kumabwera kamodzi pamwezi.

Kampani ija itaona kuti msika ukuithawa, inatsitsa mtengo n'kuyamba kutumiza malole sabata iliyonse kwa a Omari. Anthu anabwerera kwa wofiira. Apa m'pamene chidani chinayambira. Tsiku lina anyamata a Maynard anaboola matayala a lole. Tsiku lina anang'amba matumba makumi atatu ndi mipeni, dalaivala atayesa kuwaletsa anamugulula mano awiri. Anzake a Yoramu nawo anagwira mmodzi wa a njinga aja pamlatho, n'kumuthyola nthiti.

Yoramu anakumana ndi Maynard pachigayo.

"Achimwene, izi zithera pamaliro," anatero Yoramu.

"Inu mumanyamulira anthu olemera," anayankha Maynard. "Ine ndimanyamulira ana anga. Tiona amene atope."

Patangopita miyezi iwiri, Yoramu anayamba kumva kuti anyamata a Maynard akugula matumba ofiira opanda kanthu kwa amisiri. Anawauza a Omari. Iwo anangoti mwina akufuna oikamo mbatata.

M'mwezi wa Febuluwale, tsiku la msika, khoma la nyumba yosungiramo mbatata linagwa mvula itangokata. Linali lisanathe miyezi itatu chimangidwire. Linagwera mayi Janeti, amene ankagulitsa kabichi m'mbali mwake, ndipo anafera pomwepo. Anthu pofukula anaona kuti matope a pakati pa njerwa akungofumbutuka m'manja ngati phulusa. Pafupi panali matumba ofiira otsala pomanga.

Maynard ndiye anayamba kulankhula. Anakwera pangolo n'kunena kuti a Omari akusakaniza simenti ndi phulusa. Sipanathe theka la ola, gulu linali litafika pahadiweya ndi miyala, mafosholo ndi zikwanje.

A Omari anathawira kuseri ndi mkazi wawo Lukia n'kudzitsekera m'chipinda chosungiramo utoto. Anzake a Yoramu anabalalika. Iye anatsala pakhomo, atanyamula limodzi mwa matumba ofiira aja, limene anatola pamalo a ngozi.

"Taonani kukamwa kwa thumbali," anatero. "La ku fakitale silisokedwa ndi ulusi. Ili lasokedwa pamanja. Simenti ameneyu sanatuluke muno."

Akutsogolo ena anaima n'kuyang'ana. Koma mwala wochokera kumbuyo unamugenda pamphumi, magazi n'kutsekera diso. Mchimwene wake wa malemu Janeti anamukankha pachifuwa kuti achoke. Yoramu sanachoke. Anagwira felemu ya chitseko ndi manja onse awiri.

Maynard anabwera ndi fosholo. Anamenya Yoramu ndi kukamwa kwa fosholoyo pamkono wamanja, pansi pa chigongono. Amene anali pafupi anamva fupa likuthyoka. Anamenyanso kachiwiri pomwepo. Yoramu anagwa, anthu n'kumuponda polowa m'shopu. Wina anathira petulo pamashelefu. Utsi utayamba kudzaza, Yoramu anakwawa ndi mkono umodzi mpaka kuchipinda cha utoto, n'kumenya chitseko ndi phazi.

"A Omari, tulukani, mupsa."

Atatsegula, onse atatu anatulukira pawindo la kuseri, Lukia atapsa mwendo. Apolisi anafika denga litagwa kale.

Kuchipatala cha Ntcheu madokotala anayesa kuulumikiza mkonowo, koma unayamba kuwola. Anaudula patatha masiku asanu ndi anayi. Lufina anagona pansi pa bedi lake masiku onsewo. Wapolisi atabwera kudzafunsa, Yoramu anatchula dzina la Maynard ndi nkhani ya matumba opanda kanthu ija. Apolisi anapeza shedi kuseri kwa phiri, muli mulu wa phulusa losefa, singano zosokera ndi matumba ofiira oposa mazana awiri. Maynard anali atawoloka kale malire. Anamugwira chaka chotsatira pamaliro a amayi ake, ndipo pano ali kundende.

A Omari sanamangenso pa Tsangano, anasamukira pa boma. Kampani yaikulu ija inasintha katsekedwe ka matumba n'kupeza wamalonda wina woigulitsira simenti. Malole akubwerabe Lachiwiri lililonse, otsitsa ndi ena.

Mchimwene wake wa Janeti anabwera kunyumba kwa Yoramu ndi nkhuku. Anakhala pakhonde.

"Ndinakukankhani, bambo," anatero.

"Munali ndi maliro," anayankha Yoramu. Nkhukuyo anailandira, koma sanamuperekeze.

Masiku ano Yoramu ndi Lufina amaumba mabuloko kuseri kwa nyumba yawo. Lufina amasakaniza, iye amatsindira ndi dzanja lamanzere. Amaumba makumi asanu ndi limodzi patsiku, akadzuka bwino. Kukazizira, monga kumazizirira pa Tsangano mu Juni, amati zala za mkono wodulidwa uja zimamuwawa, ndipo tsiku limenelo amangothirira mabuloko adzulo n'kukakhala padzuwa.