Buku Limene Abambo Anasoka pa Makina

Mpaka lero, ndikamva fungo la mapepala ofunda ongotuluka kumene m'makina a fotokope, mtima wanga umabwerera ku Kawale, m'kanyumba kathu ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Inali nyengo yozizira ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 5. M'mawa milomo inkang'ambika, fumbi linkalowa mpaka m'mano, ndipo utsi wa mbaula za anzathu oyandikana nawo unkayenda chokwawa m'tinjira ta pakati pa nyumba. Koma m'nyumba mwathu fungo limene linaposa onse linali la mapepala, guluu ndi mafuta a makina osokera.

Abambo anga anali telala. Ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi siteji ya minibasi: mayunifolomu a sukulu, madiresi a ukwati, ndi zigamba za mathalauza a anthu amene ankalumbira kuti aka n'komaliza kubweretsa thalauza limeneli. Anachoka ku Phalombe ali mnyamata kudzafuna ntchito mu Lilongwe, ndipo chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 chija anangoganiza okha kuti moyo wawo uyenera kulembedwa. Palibe anawapempha. Anagula makope a ana a sukulu n'kumalemba pathabwa la makina makasitomala akasowa. Anzawo a pakhondepo, wokonza mawotchi ndi wogulitsa nsapato za kaunjika, anayamba kuwatchula kuti a Pulofesa. Abambo sankakwiya. Ndikuganiza kuti dzinalo linkawakomera, chifukwa anayamba kuyenda ndi mabolopeni awiri pathumba la malaya, ngakhale imodzi inali yosalemba.

Makope atadzaza, anavala jekete n'kupita nawo kwa osindikiza mabuku. Madzulo anabwerako nawo ali m'jumbo momwemo. Osindikizawo anawauza kuti mbiri ya telala ilibe woiwerenga. Abambo anangoti anthuwo aiwala kuti ngakhale malaya amene anavala powakana aja anadutsa m'manja mwa telala. Sabata yotsatira anapeza mtsikana wina ku Old Town amene anali ndi kompyuta m'kashopu koimbitsa foni, ndipo iye ndi amene anataipa zonse. Magetsi akathima ntchito inkaima, abambo n'kubwerera kunyumba akung'ung'udza. Tsiku limene ntchito inatha anabwera ndi mtolo wa mapepala paphewa, ndi kadisiki kakuda atakakulunga m'mpango ngati dzira.

Kumanga mabukuwo sanafune kupatsa munthu. Ankapinda mapepala pakati, kuika pamakina singano yaikulu ija yosokera jinzi, n'kupalasa pang'onopang'ono mpaka mzere wa ulusi utatsika pamsana pa buku. Chikuto ankadula ku makatoni a sopo n'kuchikuta ndi zidutswa za nsalu zotsala pa ntchito za makasitomala. Choncho panalibe mabuku awiri ofanana. Lina linavala chitenje cha maluwa, lina khaki wa yunifolomu, lina nsalu ya suti ya mkwati wina wa ku Biwi. Onse anakwana makumi anayi, ndipo anawasanjikiza pakona ya pabalaza atawapanikiza ndi njerwa ndi simbi ya makala kuti guluu agwire. Pachikuto analemba ndi dzanja lawo kuti Moyo wa Telala. Anakonza zoti Lamlungu, mapemphero akatha, akawayale patebulo panja pa tchalitchi.

Amayi anga ankagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika. Sukulu analekera Sitandade 2, ndipo zilembo ankazizindikira chimodzichimodzi ngati anthu amene anakumana nawo kalekale. Bukulo ankalitchula kuti mkazi wachiwiri wa abambo. Kawale yense ankawaitana kuti Amake Tadala, ndipo Tadalayo ndine. Ndinali woyamba kubadwa, ndipo ndinkanyada nazo kwambiri moti alongo anga awiri aang'ono ankazimva tsiku ndi tsiku.

Lachinayi masana, nditaweruka kusukulu, ndinapeza amayi akusankha nyemba palichero, atakhala pamkeka pamene dzuwa linkafika. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tatenga limodzi undiwerengere, ndimve ngati andinenamo abambo akowo."

Ndinasankha la khaki. Ndinawerenga za kumudzi, za ulendo wa pabasi, za makina oyamba amene abambo anaphunzirira. Nditafika pamene anakumana ndi amayi kuchigayo, pomwe analemba kuti amayi anawakana katatu, amayi anaseka mpaka nyemba zinatayikira pamkeka. "Kanayi," anatero. Ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinatsegula tsamba lotsatira ndikukweza mawu ngati pamzere wa m'mawa kusukulu.

"Mwana wathu woyamba anabadwa m'nyengo ya mvula, tikukhala ku Mchesi. Anali wamkazi. Anakhala masiku anayi n'kumwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe dzina. Monga mwa mwambo, anakamuika azimayi okhaokha, ndipo ine sanandilole kupita kapena kulira. Pamene anagona sindikudziwapo."

Ndinasiya kuwerenga. Phokoso la nyemba palichero linali litaleka kale. Amayi anaika lichero pansi, kumanganso chitenje chawo, n'kulowa m'nyumba.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti kwathu khanda likamwalira m'masiku oyamba aja, mayi ndi mwana asanatuluke m'nyumba, sipakhala maliro. Azimayi akuluakulu amalinyamula mwakachetechete, ndipo akabwerako nkhaniyo yatha, sitchulidwanso. Abambo anali ataitchula, ndipo anali atatsala pang'ono kuiyala patebulo pamaso pa mpingo wonse, asanafunse mwini wake. Koma ndiyenera kunena zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi. Chimene chinandipweteka ine masana amenewo sichinali chisoni cha amayi. Chinali chakuti sindinali woyamba.

Masiku awiri amayi sanalankhule ndi abambo, kupatula kuwauza kuti madzi osamba afunda. Abambo anandifunsa chimene chachitika, ndipo nditawauza anakhala pampando nthawi yaitali akuyang'ana mulu wa mabuku uja. Ndinawamvera chisoni. Miyezi yonse ija ya kusekedwa pakhonde, maulendo onse aja a ku Old Town, zinali pansi pa njerwa ziwiri ndi simbi, ndipo Lamlungu linali pafupi.

Loweruka m'mawa sanapite kuntchito. Anatulutsa mpando panja, kutenga buku la khaki lija ndi lezala, n'kuyamba kudula ulusi umene anasoka okha. Tsamba limodzi silikanachoka popanda kumasula buku lonse, ndipo chifukwa mapepala anali opinda pakati, linkachoka pamodzi ndi linzake. Ankagwira ntchitoyo mosamala ngati akumasula diresi la mwini wake. Ali mkati, amayi anatulukira kuchokera kumsika nthawi yawo isanakwane, beseni lili pamutu. Analitula pansi n'kuima patsogolo pawo.

"Mukutani, Bambo a Tadala?"

"Ndikuchotsa tsamba lija. Ndinalakwa. Ndinayenera kuyamba ndakufunsani."

"Kulakwa kokha munalakwadi. Nkhani ngati imeneyi mpaka ndikaimvere pakamwa pa mwana?" Anayang'ana ulusi umene unagwera pansi. "Koma musachotse. Mwanayo anabisidwa kamodzi, zakwana. Chimene mukonze ndi bodza mwalembamolo."

"Bodza liti, Amake Tadala?"

"Mwati analibe dzina. Ine ndinamutcha Takondwa, tsiku lachiwiri. Sindinauze munthu."

Abambo anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi dzanja limene linagwira lezala. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo ndinachita mantha. Amayi anangowalanda lezalayo pang'onopang'ono kuti angadzicheke, n'kukhala pamkeka pafupi ndi mapazi awo.

Pambuyo pake abambo anasolola bolopeni yolemba ija kuti akonze tsambalo, koma amayi anatambasula dzanja. Anati dzinalo alemba okha. Anandituma kuti ndililembe ndi zilembo zazikulu pachidutswa cha katoni, iwo n'kumaonera pamenepo. Tinatulutsa mabuku onse panja. Ine ndinkatsegula tsamba, amayi ankalemba m'mphepete mwake, abambo n'kumalandira buku lililonse ndi manja awiri. Amayi ankakanikiza bolopeni mwamphamvu moti dzinalo linkaonekera kuseri kwa pepala, ndipo chilembo cha K chinkawavuta, nthawi zina chinkayang'ana kumbuyo. Abambo, amene anakangana ndi mtsikana wa kompyuta uja chifukwa cha mpumiro umodzi, sanakonze chilichonse. Ntchitoyo inatitengera masana onse, ndipo nyemba za tsikulo sizinagulitsidwe. Dzuwa lisanalowe, abambo anasokanso buku la khaki lija.

Lamlungu tebulo linayalidwa panja pa tchalitchi, abambo ataima pambali ndi jekete lawo, mabolopeni onse awiri ali pathumba. Anthu ankasankha buku potengera nsalu, ndipo mayi wina anazindikira chitenje chake n'kunena kuti limenelo ndi lake basi. M'sabata yotsatira ena ananong'ona kuti telala walemba zosayenera kulemba. Koma ndikukumbukiranso mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi amayi, amene anabwera kunyumba Lachiwiri n'kukhala nawo pamkeka nthawi yaitali. Ndinangomva akunena motsitsa mawu kuti, "Wanga anali wamwamuna."

Ine nkhawa yanga inali ikadalipo. Tsiku lina tikutsuka mbale ndinalimba mtima n'kufunsa amayi ngati tsopano anthu aziwaitana Amake Takondwa. Anandiyang'ana, n'kundipukuta thovu la sopo pachipumi. "Ayi, mwanawe. Dzina lako ndi limene ndimayankha kumsika. Linalo ndimayankha ndekha mumtima."

Lero nanenso ndimalemba za moyo wanga ndi kudzisindikizira ndekha mabuku, ngakhale anga amamangidwa ndi makina a ku tauni ndipo onse amafanana. Ndisanapereke chilichonse kukasindikiza, ndimayamba ndapita kwa anthu amene ndawatchulamo n'kuwawerengera mokweza. Ena amakwiya, ena amaseka, ndipo kawirikawiri pamapezeka wina amene anasunga kanthu kamene ine sindinkakadziwa.

Buku la khaki lija lili ndi ine. Pamsana pake pali mizere iwiri ya mabowo a singano. Ndili mwana ndinkaona kuti tsamba lija linandilanda malo anga. Panopo ndikalitsegula ndimaona mawu otaipa a abambo amene sanaloledwe kulira, ndi pambali pake zilembo zokhota za amayi amene sanaloledwe kutchula. Ndimadutsitsa chala pa K woyang'ana kumbuyo uja, n'kutchula dzina la mkulu wanga mokweza.