Bobina ya a Zeka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha telefoni yomwe inagwera m'ndowa ya madzi. Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, koma nthawi imeneyo ndinali kocheza kwa achemwali anga ku Furancungo, nditangosiya sukulu. Telefoniyo ndinapita nayo pamsika kwa mestre Faustino, mmisiri wachikulire amene anaphunzira kukonza mawailesi ku Malawi nthawi yothawa nkhondo. Ali mkati momasula, kaparafuzo kena, kasikuluu komangira telefoniyo, kanagwa pansi. Ndinakatola m'fumbi n'kukabwezeretsa ndekha pabowo pake.

"Maso anga ayamba kuona mwachimbuuzi," anatero. "Iwe Lusiya, mawa ungabwere?"

Ndinabweradi. Anandiphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya, kusintha galasi la telefoni, ndiponso kupima magetsi ndi mutimetro, kamakina ka zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Sankakalipa. Ndikalakwitsa ankangonena kuti, "Bwereza," iwo n'kumamwa tiyi wawo.

Fodya wamagetsi anabwera ndi oyendetsa malole ochokera ku Tete. Mestre ankalima fodya kumunda kwawo ku Chidzolomondo koma sanasutepo, ndipo zinthu zatsopanozi sanazikonde. Komabe anati tikakana kuzikonza, eni ake azizitokosa okha ndi mipeni. Choncho pa ukalamba wawowo anakhala pansi n'kuziphunzira, akumasula chimodzi chakufa mpaka anachimvetsa.

Chinthucho chili ndi batire, tanki yothiramo madzi onunkhira, ndi bobina. Bobina ndi kawaya kopotapota kokhala ndi thonje. Kakatentha, madzi aja amasanduka nthunzi imene munthu amakoka. Bobina iliyonse ili ndi nambala ya maomu, yosonyeza mmene kawayako kamakanizira magetsi. Ya nambala yaikulu, monga 1.2, imafuna mphamvu yochepa, mawati khumi kapena kupitirira pang'ono. Mukaipatsa makumi asanu thonje limapsa, wosutayo n'kupsa kukhosi. Ya nambala yaing'ono imakoka magetsi ambiri, ndiye batire liyenera kukhala lokwanitsa kupereka.

Ndondomeko ya mestre sinkasintha. Kugunditsa kaye zingwe za mutimetro zokhazokha kuti udziwe nambala yake yoyambira, kupima bobina, kuwerenga mawati olembedwa pambali pake, kuyang'ana ngati pulasitiki yokuta batire sinang'ambike. Kenako kudonthetsa madzi pa thonje, kudikira kuti linyowe, n'kuyamba ndi mawati ochepa, kumakweza pang'onopang'ono.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yogulitsa fodya, msika utadzaza. Kunabwera a Zeka, oyendetsa lole yonyamula mabelo a fodya, munthu wansangala amene ankatidziwa bwino. Anali atasiya ndudu chifukwa cha chifuwa, ndipo mkamwini wawo anawapatsa fodya wamagetsi wa mtundu wakale: kachitsulo kobulungira, batire mkati, batani pansi. Kanalibe galasi losankhira mawati, kanalibenso chodula magetsi zinthu zikalakwika. Anatulutsa bobina yatsopano imene anagula ku Tete.

"Ndiikire iyi, mwana wanga. Akuti imatulutsa utsi ngati wa ng'anjo ya njerwa."

Mestre anali kumbuyo akuwotcherera wailesi. Ndinapima bobina ija, mutimetro n'kuonetsa 0.1. Ndinapimanso, osasintha. Batire lodzaza pa bobina yotero limakokedwa maampeya oposa makumi anayi, pomwe pa batire la a Zeka panalembedwa 20.

"Bambo, iyi sindiika ayi," ndinatero. "Batire lanu limakwanitsa vinte, bobinayi ikufuna kwarenta. Litentha."

Anaseka. "Anzanga onse akusutira zomwezi. Bweretsa kuno."

Anaitenga m'manja mwanga, n'kuimanga okha. Atadina batani, utsi unatuluka wadzaoneni, anthu oima pafupi n'kuyamba kuseka. Anakokanso kachiwiri, kachitatu. Kenako nkhope yawo inasintha. Anachotsa chala pa batani koma bobina inapitiriza kulira kuti tsiii. Batani linali litamatirira mkati. Kachitsuloko kanawawotcha, iwo n'kukaponya pa tebulo pathu, pakati pa matelefoni a anthu ndi mabatire ena. Pafupi pomwepo panaima mayi wobereka mwana, akudikira telefoni yake.

Ine ndinangouma. Mestre ndiye anadzuka mofulumira kuposa mmene ndinkadziwira kuti angathe.

"Chokani nonse! Mayi, pitani ndi mwanayo!"

Anayesa kukapana ndi alikate, chopanira chija cha mawaya, koma chitsulo chobulungiracho chinapulumuka. Sanayesenso. Anakagwira ndi dzanja, ndi kansanza kopukutira kokha, n'kutuluka nako chothamanga kuseri kwa banka, kachisakasa kathu kogwiriramo ntchito, komwe anthu ena anaunjika mchenga womangira. Anakaponya pa mchengapo n'kubwerera m'mbuyo, akukankha ana amene anayamba kuthamangira komweko. Pasanathe nthawi batire linaphulika, kutuluka lawi ndi utsi wakuda wonunkha. Palibe amene anavulala, kupatula mestre. Zala zawo zitatu zinali zitatupa matuza.

A Zeka anakhala pansi pa mulu wa njerwa. "Ndimakaika m'thumba la malaya, pamtima pano," anatero. "Ndimagona nako m'lole."

Anthu anayamba kuwanyoza, koma mestre anawaletsa. Dzanja lili m'kapu ya madzi ozizira, anandiuza kuti ndibweretse mutimetro ndi bobina ina. Anawapatsa a Zeka zingwe zija kuti apime okha, n'kuwafotokozera mofatsa kuti bobina yaing'ono nambala imakoka magetsi ngati mmene phiri limakokera injini ya lole yodzaza katundu. A Zeka anamva nthawi yomweyo, chifukwa injini ankaidziwa.

Tili panjira yopita kuchipatala kukamangitsa zalazo, ndinkayembekeza kuti andiyamikira kapena andidzudzula. Iwo anangoti, "Unapima bwino, ndipo unakana bwino. Koma munthu ukamukaniza, umuonetse chifukwa chake ndi maso ake. Apo ayi amakachitira kumbali."

Mpaka zala zawo zitapola, chowotcherera ndinkagwira ndine, iwo atakhala pambali akundiuza zochita. Mmenemo ndi mmene ndinaphunzirira ntchito yeniyeni. A Zeka anabweranso ulendo wotsatira, akuopa kuti abwerera ku ndudu. Tinawathandiza kusankha fodya wamagetsi wokhala ndi galasi ndi chodula magetsi, bobina ya 1.2, mawati khumi ndi awiri. Anadandaula kuti utsi ndi wochepa. Mestre anawayankha kuti wochepawo ndiye wabwino, ndipo tsiku limene adzasiyiretu zonse adzawagulira fanta.

Pano ndili ndi banka yangayanga kwathu ku Ntengo-Wambalame, pafupi ndi pamene malole amakwezera mbatatesi. Ntchito yambiri ndi ya matelefoni, koma fodya wamagetsi amabwerabe. Sindimanga bobina ndisanaipime, ngakhale mwini wake atakhala kuti injini ya lole waisiya ikulira panja. Nambala ikakhala yosagwirizana ndi batire, sindikangana naye. Ndimatembenuzira mutimetro kwa iye, n'kumupatsa zingwe ziwiri zija m'manja kuti apime yekha.